Anapita ndi mwendo, abwerako ndi mankhwala a mtima

Nabanda, Rosettenville: Mwaswera bwanji abale anga. Pepani ndalowa ndi nkhani yaitali, mutu wanga sukugwira. Amalume anga, alonda aja ena mumawadziwa, akhala akudandaula mwendo wakumanzere chiyambire chaka chatha. Akayenda pang'ono katumba amagwira ngati wina wamanga ndi waya. Akaima mphindi zitatu kapena zinayi zimatha, akayambanso kuyenda zimabwerera pamalo pomwepo. Kale ankachoka kunyumba mpaka pokwerera takisi osaima. Pano amaima kawiri, n'kutulutsa foni ngati akuwerenga uthenga kuti anthu asazindikire. Dzulo ndinawaperekeza kuchipatala. Adokotala anawagwira pamwamba pa phazi ndi kuseri kwa kakolo, anawayeza BP pamkono ndi pamwendo, kenako anawalembera aspirin, simvastatin ndi mankhwala a BP. A mwendo palibe, ngakhale opaka. Munthu wapita ndi mwendo, wabwerako ndi mankhwala a mtima. Kodi sanasinthanitse mafayilo? Amalume akuti iwo samwa, mtima wawo uli bwino.

Che Amidu, Mayfair: Pepani achemwali. Imeneyo ingakhale nyamakazi. Kuzizira kwa kuno ku Joni mu June ndi July kumalowa m'mafupa, makamaka kwa ogwira usiku. Agule opaka aja otentha, usiku aziwotha mapazi.

Make Tadala, Randburg: Abwana anga aakazi amavala masokosi othina aja ofika m'mabondo, amati amathandiza magazi kuyenda. Alipo akale amene anandipatsa, ndikhoza kukutumizirani.

Sisita Nagama: Ndangoweruka kumene. Make Tadala, mtima wanu ndi wabwino koma masokosiwo musatumize. Che Amidu, kuwotha mapazinso ayi, ndifotokoza. Nabanda, ndiuzeni kaye: amalume ali ndi zaka zingati, amasuta, ali ndi shuga? Ndipo taonani pakhadi ngati alembapo ABI ndi nambala.

Nabanda, Rosettenville: Ali ndi zaka 58. Fodya anayamba ali mnyamata ku esiteti ku Kasungu, chingambwe, pano ndudu mwina khumi patsiku. Shuga anati wakwera pang'ono, abwerenso akayezedwe asanadye. Pakhadi alemba ABI, kumanja 0.85, kumanzere 0.6.

Sisita Nagama: Ndiye sanasinthanitse fayilo iliyonse. Adokotalawo achita zoyenera, chimene chaperewera ndi kukufotokozerani.

Matendawa pachingerezi amawatchula peripheral arterial disease, mwachidule PAD. Mitsempha imene imatenga magazi kuchokera ku mtima kupita kumiyendo imachepa m'kati chifukwa mafuta amamatirira m'makoma mwake n'kuuma. Munthu akakhala pansi, timagazi timene tikudutsato timakwanira. Akayamba kuyenda akatumba amafuna ambiri, sakufika, ndiye amalira. Akaima zimatha. N'chifukwa chake ululuwo umabwera pa mtunda umodzimodzi tsiku lililonse, ndipo pachitunda umafulumira. Nyamakazi siichita choncho. Iyo imagwira molumikizana mafupa, imavuta kwambiri podzuka m'mawa kapena ukakhalitsa.

ABI ndi BP ya pakakolo kugawa ndi ya pamkono. Munthu wabwinobwino amakhala pakati pa 1.0 ndi 1.4. Ikafika 0.9 kutsika pansi, ndiye kuti mitsempha yachepa. Amalume miyendo yonse iwiri ili pansi, wakumanja sunayambe chabe kudandaula.

Tsopano mvetsani apa. Mafutawo sasankha mwendo. Fodya yemweyo, shuga yemweyo, BP yomweyo zakhala zikudya mitsempha ya thupi lonse kwa zaka makumi anayi. Ya mumtima ndi ya m'khosi yopita ku ubongo nayonso yakhudzidwa, kaya munthu akumva kanthu kaya ayi. Mwendo wangoyamba kuulula.

Achimwene a mipope, Cosmo City: Ine ntchito yanga ndi mipope. Ndikapeza paipi yakale yachitsulo yatseka ndi dzimbiri kubafa, ndimauziratu mwininyumba kuti ya kukhitchini ndi ya ku giza, thanki ya madzi otentha ija, zili chimodzimodzi, zinaikidwa tsiku limodzi. Ndi zomwezo, Sisita?

Sisita Nagama: Mwayandikira, koma pali kusiyana kumodzi koopsa. Paipi yanu imatseka pang'onopang'ono mpaka madzi azingodontha. Mafuta a mumtsempha amatha kung'ambika pamwamba mwadzidzidzi, magazi n'kuundana pomwepo, njira n'kutsekekeratu m'mphindi zochepa. Zikachitika mumtima, ndi kuja timati mtima wamugwira, wagwa. Zikachitika m'mutu ndi sitiroko. Aspirin amachepetsa kuundanako. Simvastatin amatsitsa mafuta m'magazi komanso amalimbitsa pamwamba paja kuti pasang'ambike.

Nabanda, Rosettenville: Koma mantha athu ife ndi kudulidwa mwendo. Usiku wonse amalume akungonena za ndodo ndi njinga ya olumala, akuti mlonda wa mwendo umodzi ndani angamulembe.

Sisita Nagama: Aliyense amaopa zimenezo, ndipo n'zomveka. Koma mabuku a madokotala a mitsempha amanena chinthu chimene ambiri sayembekezera. Mukatenga anthu 100 amene ali ngati amalume, oti mwendo umapweteka poyenda pokha, n'kuwatsatira zaka 5, odulidwa mwendo sakwana 5. Ambiri mwendo umangokhala momwemo, ena umachitako bwino. Koma pafupifupi 20 amagwidwa mtima kapena sitiroko n'kupulumuka, ndipo oposa 10 amamwalira. Mwa omwalirawo, atatu mwa anayi alionse amafa ndi mtima kapena mitsempha ya m'mutu. Tonse maso ali pamwendo, pamene imfa ikudzera pachifuwa. N'chifukwa chake adokotala anathamangira kumtima.

Ngati matendawa afika poti phazi likupweteka munthu ali chigonere, kapena pali chilonda chosapola, kapena chala chada, pamenepo nkhani imasintha. Pakutha pa chaka chimodzi pafupifupi mmodzi mwa anayi amakhala atamwalira ndipo enanso ochuluka chomwecho amataya mwendo. Amalume sanafike kumeneko, ndipo ntchito yonse ndi yoti asafikeko. Padziko lonse odwala matendawa ndi oposa 200 miliyoni, ambiri osadziwa n'komwe chifukwa si onse amamva ululu.

Che Amidu, Mayfair: Ndiye ine ndinalakwitsa za nyamakazi. Koma kuwotha mapazi kukuvuta pati? Phazi lozizira si lofunika kutenthetsa?

Sisita Nagama: Limazizira chifukwa magazi sakufika, Che Amidu, ndipo ngati pali shuga limakhalanso ndi dzanzi. Munthu amayandikiza phazi pa hita kapena pa mbaula m'kanyumba ka alonda, tulo n'kumuba, osamva kuti akupsa. Ndinasamalirapo bambo wina amene anagona ndi botolo la madzi otentha kumapazi. M'mawa chidendene chinali ndi thuza lalikulu ngati dzira. Kwa inu ndi ine likanapola milungu iwiri. Iwo linawatengera miyezi, chifukwa chilonda chimapola ndi magazi, ndipo magaziwo ndi amene kulibe. Avale masokosi aubweya osathina, awiri ngati kwazizira. Masokosi othina a Make Tadala aja ndi a vuto lina, la mitsempha yobweza magazi kumtima, miyendo yotupa ija. Pa mwendo umene magazi akuvutika kale kulowa, kuumanga ndi kuupha.

Make Tadala, Randburg: Mayo ine, ndikanapweteketsa munthu. Zikomo Sisita.

Bambo Jere, Diepsloot: Ndakhala ndikuwerenga chete. Nabanda, mukawawerengere amalume zimene ndilembezi, liwu ndi liwu.

Akulu anga, obadwa bere limodzi, ankagwira m'munda wa maluwa ku Bryanston zaka 19. Iwo zinafika patali kuposa amalume anu. Usiku sankagona, ankakhala m'mphepete mwa bedi mwendo uli lende pansi, ati ukalendewera umapepukako. Chala chaching'ono chinayamba kuda. Anawatumiza kwa madokotala a mitsempha, anawachita opaleshoni, anatenga mtsempha wa mwendo womwewo n'kulambalalitsa pamene panatseka. Chala chimodzi chokha ndi chimene anadula. Phazi linafunda, anayambanso kuyenda, ife tonse tinapita kutchalitchi kukathokoza. M'mitu mwathu nkhani inali itatha.

December anakwera basi pa Park Station kupita kumudzi ku Mzimba ndi mankhwala a miyezi iwiri. Atatha sanakatengenso ena, ati ndamwera chiyani pamene mwendo unachira. Anzawo a pabawo anawapatsa fodya, anayambiranso. Mu April alamu anga anaimba foni. Ati kwa masiku atatu ankadandaula chilungulira, akumwa soda ndi madzi. Tsiku lachinayi anapita kukaona chimanga, anawapeza atakhala pamzere atatsamira khasu, dzanja lili pachifuwa. Anamwalira ali pangolo asanafike pachipatala. Mwendo umene tinkaulirira uja tinauika m'manda uli wabwinobwino.

Ine mpaka lero ndimadzifunsa kuti bwanji sindinkatumiza mapiritsi aja pa basi monga ndinkatumizira sopo ndi mafuta ophikira. Palibe anatiuza kuti opaleshoni yakonza msewu umodzi wokha.

Nabanda, Rosettenville: Bambo Jere, pepani kwambiri. Ndalira.

Che Amidu, Mayfair: Pepani achimwene. Mulungu awapatse mpumulo.

Sisita Nagama: Pepani bambo. Musadziimbe mlandu pa chinthu chimene simunauzidwe. Chilungulira chimene mwatchulacho aliyense achisunge m'mutu. Mtima suuza onse mofanana. Ena amamva ngati mwala wawakhala pachifuwa, ululu n'kupita kumkono, kunsagwada kapena kumsana. Ena, makamaka a shuga ndi amayi, amangomva kutentha pamtima, nseru, thukuta lozizira, phuma, kutopa kosadziwika. Munthu amene ali ndi matenda a mitsempha ya m'miyendo akamva zimenezi asamwe soda, athamangire kuchipatala.

Mbewe, famase ya ku Braamfontein: Ndiwonjezereko za mankhwala, poti ndi ntchito yanga. Sakuwapatsa mongoganizira. Ku UK kunachitika kafukufuku wamkulu wotchedwa Heart Protection Study, zotsatira zake zinatuluka mu 2002. Munali anthu oposa 20,000, ndipo masauzande angapo mwa iwo anali ndi vuto lomweli la miyendo. Amene ankamwa simvastatin 40 mg, kugwidwa mtima ndi sitiroko kunachepa pafupifupi ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, ngakhale kwa amene mafuta awo poyeza sanali okwera kwambiri. Ndiye amalume asanene kuti ine ndine woonda, mafuta ndiwatenga kuti. Oonda ambiri mitsempha yawo ndi yotseka.

Simvastatin amamwa madzulo. Ena amamva kuphwanya m'minofu. Zikatero akauze achipatala, pali atorvastatin ndi ena oti angasinthe, asangosiya mwakachetechete. Mkodzo ukada ngati tiyi wopanda mkaka limodzi ndi kuphwanya kwambiri, apite tsiku lomwelo. Amene ali pa ma ARV anene poyera kwa adokotala. TLD imene ambiri akumwa ilibe vuto ndi simvastatin, koma aja okhala ndi ritonavir sayenda naye limodzi. Amlodipine wa BP nayenso amachititsa kuti mulingo wa simvastatin utsitsidwe. Ndiye pokatenga mankhwala nyamulani mapaketi onse m'jumbo, ngakhale ogula nokha.

Pali chinthu china chimene ndimachiona tsiku lililonse pakauntala. Munthu ali pa aspirin, mutu ukamupweteka amagula Grand-Pa, mankhwala a mutu aja, pa kagolosale ka spaza, atatu anayi patsiku. Mu Grand-Pa muli kale aspirin wambiri. Mwendo ukapweteka amawonjezera ibuprofen kapena diclofenac. Mapeto ake ndi zilonda za m'mimba, kusanza magazi, chimbudzi chakuda bii, impso kuwonongeka, BP kukwera. Akafuna opha ululu amwe paracetamol.

Achimwene a mipope, Cosmo City: Grand-Pa ameneyo ali m'thumba la ovolosi yanga pano. A Mbewe, nanga ndinamva kuti kuli mankhwala atsopano osungunula magazi, a anthu a medical aid?

Mbewe, famase ya ku Braamfontein: Mukunena rivaroxaban. Mu 2017 kafukufuku wotchedwa COMPASS anasonyeza kuti 2.5 mg kawiri patsiku, kuphatikiza aspirin 100 mg, zimachepetsa kugwidwa mtima, sitiroko komanso kudulidwa mwendo kuposa aspirin yekha. Wina wa 2020, VOYAGER PAD, anaona phindu kwa amene angochitidwa opaleshoni yotsegula mitsempha ya mwendo. Koma kutaya magazi kumachuluka, ndiye si a aliyense, adokotala ayenera kuyeza munthuyo payekha. Ndi odulanso. Kuli clopidogrel, amene mu 1996 kafukufuku wa CAPRIE anapeza kuti amaposa aspirin pang'ono, makamaka kwa a miyendo omwewa, ndipo amaperekedwa kwa amene aspirin sawayanja. Koma ndinene zoona, achimwene: munthu womwa mokhulupirika atatu amene amalume apatsidwa aja, n'kusiya fodya, wapeza gawo lalikulu la chitetezo chonse. Wogula odulawo uku akusuta wataya ndalama.

Gogo Nasibeko, Yeoville: Ana inu mukunena zachizungu zokhazokha. Ine ndakula, ndaona. Munthu amene akumanga nyumba ya malata kumudzi anthu samukondwera. Mwendo umodzi wokha, wakumanzere, kungoyamba wokha? Anaponda ameneyo. Apite akamutemere, mankhwala achipatalawo azimwa pambuyo.

Sisita Nagama: Gogo, nsanje iliko, sindingakutsutseni pamenepo. Pempherani, chitani zonse zimene zimakupatsani mtendere. Koma ndikugwadirani, lumo lisayandikire mwendo umenewo. Mphini pa mwendo wopanda magazi okwanira siipola. Imasanduka chilonda, chilonda chimalowa mafinya, ndiye mwendo umene ukanakhala zaka makumi awiri umadulidwa mwezi umodzi. Ndipo makina asonyeza kuti si umodzi wokha, wakumanja nawonso wayamba. Amene anatchera msampha umenewu ndi fodya wa ku Kasungu uja.

Gogo Nasibeko, Yeoville: Nanga wa mphuno? Ine ndudu sindinaigwirepo, wanga ndi wofwenkha.

Sisita Nagama: Alibe utsi, koma chikonga chake chimafinya mitsempha ndi kukweza BP. Si malo othawirako, Gogo. Pa zonse zimene zimabweretsa matenda a miyendowa, fodya ndi shuga ndiye akuluakulu. Wosuta amene wachitidwa opaleshoni, njira yatsopano ija imatsekanso msanga. Ndipo si okalamba okha. Kuli mtundu wina, matenda a Buerger, umene umagwira anyamata osuta osakwana zaka 45, zala za kumanja ndi kumapazi n'kumada chimodzichimodzi. Kumeneko mankhwala enieni ndi kusiya basi.

Bambo Jere, Diepsloot: Kusiya n'kovuta, tisanamizane. Ine ndinasiya maliro a akulu anga atatha. Chibaba chimavuta milungu iwiri itatu yoyamba, makamaka ukangotha kudya nsima ndi pamene uli wekha usiku. Mlonda usiku ndi wautali. Ine ndinkayenda ndi mtedza wokazinga wopanda mchere m'thumba, ndipo ndinauza anzanga onse kuti wondipatsa ndudu ndi mdani wanga. Kuchepetsa pang'onopang'ono ndinalephera katatu. Chinatheka ndi kusankha tsiku n'kutaya paketi ndi machesi omwe.

Mbewe, famase ya ku Braamfontein: Kulinso tomata pakhungu ndi chingamu cha nikotini, zimagulidwa popanda kalata ya adokotala, zimathandiza chibabacho. Afunse kaye kuchipatala poti ali ndi BP.

Nabanda, Rosettenville: Nanga mwendo weniweniwo? Azingoupumitsa? Ine ndinawauza kuti azikwera takisi ngakhale paulendo waufupi, ndizilipira ine.

Sisita Nagama: Ayi ndithu, kukhala pansi ndi kumene kumauwononga. Mankhwala a mwendo umenewu ndi kuyenda. Ayende mpaka katumba agwire ndithu, osati mpaka kulira, aime mpaka zithe, ayambirenso. Azibwereza choncho mpaka nthawi yoyenda ikwane mphindi 30 kufika 45, katatu pamlungu kapena kuposa, kwa milungu yosachepera 12. Minofu imaphunzira kugwiritsa bwino ntchito magazi ochepawo, ndipo timitsempha ta m'mbali timathandizira. Ambiri mtunda umatalika moonekeratu. Ululu wa poyendawo sukuwononga mwendo. Aziwerenga mapolo a magetsi mumsewu mwawo, lero aima pa lachisanu ndi chimodzi, pakatha mwezi aone afika pa lachingati. Koma kuyendaku ndi kwa munthu amene alibe chilonda kuphazi, amene phazi silipweteka atagona, ndiponso amene sakumva kanthu pachifuwa.

Mapazi aziwaona tsiku lililonse, pansi pake ndi pakati pa zala. Mabuti a alonda aja amathina ndipo kutsogolo kuli chitsulo. Asanavale azilowetsa dzanja, kamwala kamodzi kakwanira kuyambitsa tsoka. Zikhadabo aziwenga mowongoka, zikang'a asazisepe ndi lezala.

Che Amidu, Mayfair: Apa ife tili ndi mwayi, timasamba mapazi kangapo patsiku tisanaswali. Kuyambira lero ndiziyang'ana, osangothira madzi. Ndili ndi shuga zaka 7 ndipo palibe tsiku ndinaonapo pansi pa phazi langa.

Sisita Nagama: Mukatero muzipukutanso bwino pakati pa zala. Ndipo inu a shuga, ABI nthawi zina imanama. Mitsempha imauma ngati bango, makina amalephera kuifinya, nambala n'kutuluka yoposa 1.4. Imeneyo si nkhani yabwino, ndi chizindikiro chakenso, ndipo amayenera kuyeza pachala chachikulu. Mukapita ku kiliniki vulani nsapato nokha musanauzidwe, muwapemphe agwire mapazi. Mzere ukatalika anesi timathamangira BP ndi shuga, mapazi n'kuiwalika m'nsapato.

Make Tadala, Randburg: Zakudya bwanji? Poti kuno timadya zimene zapezeka.

Mbewe, famase ya ku Braamfontein: Mchere ndi umene umatipha mwakabisira. Dziko lino la South Africa linaika malamulo ochepetsa mchere mu buledi ndi zakudya zina za m'fakitale kuyambira 2016, koma ife timabwezeretsa tokha: timakyubu tiwiri mu ndiwo, Aromat pamwamba, mchere wina patebulo, masana kota (buledi woikamo polony ndi atchar), m'mawa magwinya (mandasi a kuno), chakumwa cha malita awiri pambali. Nyemba, nandolo, chisoso, bonongwe, usipa wouviika kaye kuti mchere uchoke, zonsezi zimapezeka ku Yeoville ndi ku Mayfair. BP imene madokotala amafuna kwa anthu ngati amalume ndi yosafika 130 pa 80 ngati thupi likulola.

Mnyamata wa ku Turffontein: Akuluakulu, zonsezi n'zabwino, koma mukudziwa mmene zinthu zilili pamageti a makiliniki ena. Mayi anga aang'ono anabwezedwa ndi anthu oima panja, osati anesi, ati onetsa chitupa. Anakhala miyezi itatu opanda mankhwala a BP. Munthu umayamba waganiza kawiri usanapite.

Sisita Nagama: Zikuchitika, ndipo zimandipweteka chifukwa amene amabwezedwawo timadzawalandira atafa mbali imodzi. Musapite nokha, pitani awiri, m'mamawa, ndi pasipoti kapena pepala lililonse limene muli nalo, khadi la kiliniki ndi mapaketi akale a mankhwala. Pakavuta pamodzi yesani pena, ndipo lembani pagulu pano tidziwitsane kumene kuli bata. Amene matenda awo akhazikika afunse za CCMDD, yotengera mankhwala pamalo ena osaima pamzere wa kiliniki mwezi ndi mwezi. Zikavutitsitsa, kalata ya adokotala imagula mankhwalawa ku famase, ndipo aspirin, simvastatin ndi a BP ambiri si odula kwambiri. Kusiya ndiye kodula.

Pa zadzidzidzi, malamulo aakulu a dziko lino, gawo 27, amanena kuti munthu aliyense asakanizidwe chithandizo chadzidzidzi. Imbani 112 pa foni ya m'manja kapena 10177. Zadzidzidzi zake ndi izi. Chifuwa monga ndanenera. Kamwa kupotoka, mkono kulefuka, mawu kusokonekera, ngakhale zitatha zokha pakapita mphindi khumi. Komanso mwendo kupweteka mwadzidzidzi, kuzizira ngati mwala, kuyera kapena kutuwa, kuchita dzanzi, zala kukana kugwedezeka. Umenewo watsekeratu, ndipo pakadutsa maola ngati 6 minofu imayamba kufa. Osadikira kuche, osadikira abwana akupatseni chilolezo. Madokotala a mitsempha ali m'zipatala zazikulu monga Charlotte Maxeke ndi Chris Hani Baragwanath. Pa nkhani yosafulumira mumafikako ndi kalata yochokera ku kiliniki kapena chipatala chaching'ono.

Bambo Jere, Diepsloot: Ndipo opita kumudzi, chonde. Pemphani kalata yofotokoza matenda anu ndi mayina a mankhwala, mukailembetse m'buku la kuchipatala kwathu mukangofika. Mukauze wachibale mmodzi wodalirika kuti mapiritsiwa ndi a moyo wonse. Akulu anga akanakhala ndi munthu mmodzi wowakalipira.

Sisita Nagama: Pa ulendo wa basi womwewo, masiku awiri mutapinda miyendo kudzera Beitbridge, Nyamapanda mpaka Mwanza: mankhwala akhale m'chikwama cha m'manja, osati m'katundu wa mu ngolo ya kumbuyo. Basi ikaima tsikani muyendeyende. Mwendo umodzi ukatupa, kutentha ndi kupweteka mutafika, limenelo ndi vuto lina, magazi aundana mumtsempha wobwerera, nalonso ndi la chipatala tsiku lomwelo.

Nabanda, Rosettenville: Abale, ndabweranso. Dzulo madzulo ndinapita kwa amalume asananyamuke kupita ku ntchito. Ndinawawerengera zonse, za Bambo Jere ndinawerenga kawiri chifukwa anandiuza kuti ndibwereze. Anakhala chete nthawi yaitali akumanga zingwe za buti. Kenako anatenga simvastatin n'kumwa ine ndikuona. Paketi ya ndudu sanataye, aisiya pawindo, ati ayamba Lolemba. Sindinalimbane nawo.

Koma pali chimene anandiuza potuluka, chimene iwo sanawauze adokotala. Ati kuntchito akamakwera masitepe opita pamwamba pa nyumba kukayendera, si mwendo wokha. Pachifuwa pamathina ngati lamba, mpaka kukhosi, akaima zimatha. Zayamba miyezi iwiri yapitayo, ndipo mlungu uno zachitika ngakhale pa masitepe ochepa. Ati sananene chifukwa anapitira mwendo, ndipo ankaopa kuti akalemba pakhadi abwana awachotsa ntchito. Sisita, tiyambe kuyenda kwa mapolo kuja mawa?

Sisita Nagama: Ayi, kuyendako kudikire. Nabanda, zimene mwanenazi ndi mtima, ndipo poti zikubwera pa ntchito yochepa kuposa kale, si zodikira tsiku limene analemba pakhadi, si zodikiranso Lolemba. Apite lero ku chipatala chachikulu, mbali ya zadzidzidzi, akanene mawu omwewa: lamba pachifuwa, kukhosi, miyezi iwiri, mlungu uno zawonjezeka. Akawajambule mtima pa ECG ndi kuwayeza magazi. Anyamule khadi lija la ABI ndi mankhwala onse. Aspirin wa lero amwe ngati sanamwe. Masitepe asakwerenso. Zikawagwira ali chikhalire musanapeze galimoto, imbani 112. Za khadi asaope, zimene zalembedwa kuchipatala ndi chinsinsi chawo, abwana amangolandira kalata yoti anadwala.

Nabanda, Rosettenville: Angoweruka kumene, ali m'njira. Vuto ndi shifiti ya usiku uno, akajomba osasiya munthu amawadula masiku awiri, ndipo ndikuwadziwa, akana kupita chifukwa cha zimenezo.

Mnyamata wa ku Turffontein: Ine ndili ofu lero ndipo satifiketi ya ulonda ndili nayo. Awaimbire akapitawo awo awauze kuti pali wolowa m'malo, akavomera ndikagwira ine. Nditumizireni nambala kumbali.

Che Amidu, Mayfair: Galimoto ndili nayo, ndatsitsa katundu ku Fordsburg, ndatha. Achemwali, nditumizireni pamene muli, muwauze asavule n'komwe nsapato. Ndikunyamuka.